Elizabeth Woodville analibe dazi

Ambiri akaona chithunzi cha Elizabeth Woodville, mkazi wa Mfumu Edward IV ya ku England, chimene chili ku Queens' College ku Cambridge, amati mayiyu anali ndi dazi kapena ankadwala nthenda yothothola tsitsi. N'zoona, chipumi chake chimakwera mpaka pafupi ndi paliwombo. Koma sikuti anali wodwala ayi.

M'zaka za m'ma 1400, akazi apamwamba ku Ulaya ankachita kuzula dala tsitsi lakutsogolo, nsidze nazonso ankazipungula, kuti chipumi chioneke chachitali. Kutchena kwa nthawiyo kunali kumeneko, ululu wake osachita kufunsa. Tsitsi lotsalalo ankalikokera kumbuyo n'kulilowetsa m'kachipewa, pamwamba n'kuyalapo kansalu koonekera mkati. Mukayang'anitsitsa pachithunzipo, tsitsi lake lachikasu likuoneka m'mphepete mwa kachipewako.

Buku la bungwe la amalonda a zikopa lotchedwa Skinners ku London, lomwe iye anali membala wake, limamuonetsa atavala chisoti chaufumu, tsitsi lalitali litamasulidwa kutsikira m'mapewa. Ndiponso chithunzi cha ku Cambridge chija sanachijambule iye ali pomwepo. Iye anamwalira mu 1492, ndipo chithunzichi anachikopera pambuyo pake ku china chakale chomwe chinasowa.