Ndalama za kafukufuku sizikhala m'thumba la abwana

Pali mafunso awiri amene andilemetsa makutu. Loyamba ndi la alimi: "Inu ogawa ndalama za kafukufuku, bwanji osangotipatsa ifeyo tigulire feteleza?" Lachiwiri ndi la ophunzira, amene amaimba foni usiku n'kuyamba ndi "Achimwene, pepala langa lopempha ndalama lija mwaliona?" Onsewa akuganiza kuti wotsogolera bungwe lothandiza kafukufuku wa zamoyo amasunga ndalama m'kabati, n'kumapatsa amene nkhope yake yamusangalatsa. Si choncho ayi, ndipo maganizo amenewa akutipweteka kuno ku Mchinji.

Ndalamazo ndi za misonkho, zina ndi za mabungwe akunja, ndipo tambala iliyonse imafunsidwa. Pempho likafika limatumizidwa kwa akatswiri ena a nkhani yomweyo kuti alisanthule. Kenako komiti imakhala pansi n'kusanja mapempho onse, labwino koposa pamwamba, ndipo mzere umadulidwa pamene ndalama zathera. Ngati wopemphayo ndi mlamu wako kapena unamuphunzitsa, umatuluka m'chipindamo mpaka anzako amalize. Ku Britain bungwe lothandiza kafukufuku wa zamoyo la BBSRC, lomwe linayamba mu 1994 ndipo kuchokera mu 2018 lili pansi pa bungwe lalikulu la kafukufuku la UKRI, limayenda chomwechi. Kwathu kuno National Commission for Science and Technology, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, ndi imene ili ndi udindo wotsogolera nkhani za sayansi. Kulikonseko mtsogoleri amasayina zimene komiti yagamula.

Ndiye ntchito yake n'chiyani? Gawo lalikulu ndi kukana. Kukana pempho lofooka sikuvuta. Chowawa ndi kulembera kalata munthu amene ntchito yake ndi yabwino, akatswiri ayiyamikira, koma wagwera pansi pa mzere. Gawo linalo ndi kupempha: kukakhala pamaso pa osunga chuma n'kufotokoza chifukwa chimene munda woyesererapo mbewu uyenera kupatsidwa ndalama pamene zipatala zilibe mankhwala. Mayiko a mu Africa anagwirizana kale kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ochuluka sanafikepo.

Chimene anthu a m'maofesi savomereza msanga ndi chakuti zamoyo zili ndi kalendala yawoyawo. Msewu ukhoza kudikira cheke mpaka Ogasiti. Mtedza sudikira. Mvula ikagwa mu Disembala ndalama zisanatuluke, chaka chonse chapita, ndipo kupanga mtundu watsopano wa mbewu kumadya zaka pafupifupi khumi ngakhale zonse zikuyenda bwino. Mtedza wa CG7 umene mwauzolowerawu unatulutsidwa mu 1990. Nsinjiro, mtundu wina wa mtedza wopirira matenda a kadukutu, anabwera mu 2000, pambuyo pa ntchito yaitali ya akatswiri a boma ndi a bungwe la kafukufuku wa mbewu la ICRISAT ku Chitedze. Amene anavomereza ndalama za ntchito zoterezi sankadziwa ngati adzaona mapeto ake ali pampando.

Pali nkhani imodzi imene imandisowetsabe tulo. Mayi wina wachitsikana, katswiri wa zakudya, anapempha ndalama zoti atsatire chuku mu mtedza kuchokera m'munda mpaka m'phala la mwana. Ankafuna kuyeza pokumba, poyanika, poswa, ndi pa nsinjiro zogulitsidwa m'timapepala ku Kamwendo ndi ku Mkanda. Komiti inavomereza popanda mkangano. Koma ndalama zinachedwa kumene zimachokera, ndipo zinamufika mtedza utakumbidwa kale, mavenda atautenga. Anadikira chaka china. Ali mkati modikira, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene zipangizo zoyezera chuku zimagulidwa ndi madola. Midzi yambiri anaichotsa pamndandanda. Zimene anapeza ndi zoona, koma n'zochepa moti sizingasunthe aliyense wopanga malamulo.

Chimene ankafufuzacho mumachidziwa nonse. Pitani pakhomo lililonse mu Juni madzulo. Mupeza amayi akuwaza madzi pa mulu wa mtedza kuti makoko afewe, zala zisapweteke poswa mawa. Wabwino ukulowa m'thumba la malonda. Wonyala, wosweka ndi wakuda uja ukuikidwa padera m'lichero, ndipo ndi umene usinjidwe kuti ukalowe m'ndiwo ndi m'phala. Poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, amakonda mtedza wonyowa ndi wovulala womwewo. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo kafukufuku wambiri wamupeza akuyendera limodzi ndi kupinimbira kwa ana. Ku Ulaya amabweza mtedza wodyedwa ndi anthu poizoniyu akapitirira magawo 4 pa biliyoni. Ife wotsalawo timadyetsa ana athu.

Tsono mverani apa, chifukwa kafukufuku akachedwa malo ake sakhala opanda munthu. Amalowapo achinyengo. Ndamvapo wina pamsika akuuza anthu kuti mtedza wa chuku ukaukazinga bwino poizoni amatha. Limenelo ndi bodza. Kukazinga kapena kuphika kwa pakhomo sikumuchotsa. Mtedza woola ndi wotaya basi, ndipo musaupatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka poganiza kuti mwapulumutsa kanthu, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mu mkaka.

Ntchemberezandonda zitavuta mu 2017 tinaona zomwezo. Mankhwala anadzaza m'misika, othiridwa m'mabotolo a zakumwa, opanda dzina, opanda mlingo, wogulitsa akungoti "kapu imodzi pa sipuleya, bwana". Anthu anapopera opanda chophimba kukamwa, ena anawotcha chimanga chawo. Njira za alimi eni ake, monga kuthira mchenga kapena phulusa pamtima pa chimanga, sindizinyoza ngakhale pang'ono. Zoterezi n'zimene ziyenera kupatsidwa ndalama kuti ziyesedwe bwino, tidziwe imene ikugwira ntchito ndi pa msinkhu uti wa mbozi. Koma mankhwala ophera tizilombo amayenera kulembetsedwa ku Pesticides Control Board, ndipo botolo lopanda chizindikiro musaligule ngakhale litatchipa motani. Chimodzimodzi mbewu. Chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto wofiira si mbewu yamakono. Mtundu weniweni umayesedwa nyengo zingapo m'malo osiyanasiyana, n'kuvomerezedwa ndi komiti ya Agricultural Technology Clearing Committee usanafike m'sitolo. Mukakayika, funsani alangizi anu musanatulutse ndalama, chifukwa mbewu yabodza mumaizindikira mu Febuluwale, nthawi yobzalanso itatha.

Kwa ophunzira nako kwabuka madobadoba. Amalonjeza kuti amadziwana ndi a m'komiti, mukawapatsa kangachepe pempho lanu lidutsa. Amadya ndalama za achinyamata amene angomaliza kumene ku Bunda, amene alibe ndi ya lendi yomwe. Palibe amene angagule malo pamndandanda umene anthu ambiri asanja pamodzi, ndipo mukagwidwa mukuyesa, dzina lanu laipa kwa zaka. Ngati pempho lanu lakanidwa, funsani ndemanga za amene analisanthula, mukonze, mutumizenso. Ndipo polemba bajeti onetsani poyera mwezi umene ndalama ziyenera kukhala zitafika, ndi chimene chitayike zikapitirira mweziwo. Mzere umodzi umenewo ndi umene ine ndimapita nawo kwa osunga chuma pokakangana.