Foni ya m'thumba imayeza liwiro bwino kuposa wotchi

Mphunzitsi mnzanga wa ku Ulongué, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anandiuza mosangalala kuti ali ndi mnyamata amene amathamanga mamita 100 m'masekondi osakwana 11. Nditamufunsa mmene anayezera, anati iye anaima pomalizira ndi wotchi, wina n'kuwomba m'manja poyambira. Mwanayo ndi waliwirodi, ndinamuona ndi maso anga, koma nthawi ija sinali yake.

Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Choncho amene waima pomalizira amamva kuwombako patapita masekondi 0.3, wothamanga atanyamuka kale. N'chifukwa chake pa mipikisano oyeza amayang'ana utsi wa mfuti yoyambitsira mpikisano, sadikira kulira kwake. Ngakhale atero, chala chimachedwa kudina poyamba ndipo chimafulumira pomaliza, moti akatswiri amawonjezera masekondi 0.24 pa nthawi yoyezedwa pamanja ya mamita 100. Mwana akhoza kulimbikira chaka chathunthu kuti achotse nthawi yochepa kuposa pamenepo. Ndiye wotchi ingatiuze bwanji kuti akupita patsogolo?

Makina oyezera a pa mipikisano ikuluikulu ndi odula, sukulu zathu za ku Angónia, Tsangano kapena Macanga sizingawafikire. Koma foni ilipo.

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana. Foni wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi, ndiye chithunzi chilichonse ndi masekondi 0.033. Mafoni ambiri ali ndi slow motion (vidiyo yoonetsa zinthu zikuyenda pang'onopang'ono) yojambula 120 kapena 240 pa sekondi, ndipo pa 240 chithunzi chimodzi ndi masekondi 0.004 okha. Ntchito yonse ndi kuwerenga zithunzi basi. Ngati mwana wadutsa mamita 10 m'zithunzi 300 pa 240, mukagawa mupeza masekondi 1.25, kutanthauza mamita 8 pa sekondi.

Ine sindilangiza kujambula mamita 100 onse, chifukwa wothamanga amaoneka ngati nyerere. Yezani mamita 10 okha, mwana atathamanga kale mamita 20 kapena 30 kuti liwiro likhale litakwana. Foni ikhale chammbali, pakati penipeni pa mamita 10 aja, pa mtunda wa mamita 15, yomangirira pa mpando kapena pa mtengo wozika. Isagwidwe m'manja ndipo isatsatire wothamanga. Poyang'ana vidiyo tsatirani chifuwa, chifukwa lamulo la mipikisano limawerengera thunthu, osati mutu, dzanja kapena phazi.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa timitengo ta chizindikiro. Sitingazike kamtengo m'njira ya wothamanga, ndiye timakazika pambali, kufupi ndi foni. Koma foni imaona timitengoto chopendekera. Mukatizika mita imodzi kuchokera m'njira, totalikirana mamita 10 ndendende, mwana adzaoneka kuti wadutsa kamtengo koyamba asanafike pamzere woyambira mamita 10 aja, ndipo kachiwiri atapitirira kale. Mtunda umene mwayezawo ndi mamita 10.7, ndipo mwamunamizira mwanayo kuti ndi wochedwa ndi masekondi pafupifupi 0.09. Kukonza kwake n'kosavuta: sunthani kamtengo kalikonse masentimita 33 kulowera pakati. Kuti mutsimikize, imikani munthu pamzere weniweniwo, muyang'ane pa foni ngati kamtengo kalunjika pachifuwa chake.

Musanakhulupirire foni, iyeseni. Jambulani wotchi ikuyenda kwa masekondi awiri, muwerenge zithunzi, muone ngati zikukwanadi. Vidiyo musaitumize pa WhatsApp mwachizolowezi, chifukwa imapanikizidwa ndipo zithunzi zikhoza kusokonekera. Isamutseni ndi chingwe. Amene ali ndi kompyuta agwiritse ntchito Kinovea, pulogalamu yaulere yomwe imayendetsa vidiyo chithunzi chimodzichimodzi. Slow motion imafuna kuwala kwambiri, kotero madzulo dzuwa likulowa zithunzi zimachita chimbuuzi. M'mawa ndiye bwino, makamaka mumzinda wa Tete ndi ku Moatize kumene dzuwa la masana limatenthetsa foni mpaka kusiya kujambula, osanenanso za ana amene akuthamangawo.

Chimene ndimachiumirira kwambiri ndi kuyeza mofanana nthawi zonse. Bwalo likhale lomwelo, mbali yothamangira yomweyo, ndipo amene anathamanga wopanda nsapato mwezi uno asadzavale nsapato mwezi wamawa. Mphepo ikakhala yamphamvu siyani. Ngakhale pa mipikisano, mphepo yokankha kumsana ikaposa mamita 2 pa sekondi, nthawiyo siilembedwa ngati rekodi. Mwana athamange katatu, akupuma mphindi zinayi kapena zisanu, mulembe nthawi yabwino koposa m'kope pamodzi ndi tsiku.

Mnzanga uja tinakayeza naye mnyamata wake m'njira imeneyi. Atamva liwiro lake lenileni mwanayo anakhumudwa pang'ono, koma kope lake likudzaza, ndipo tsopano amafunsa yekha tsiku loyezanso.