Chidikha Chimene Maso Sachiona

Munthu akamva mawu akuti chidikha amaganiza za malo otsika kumene madzi amathamangira mvula ikagwa, ndipo sakulakwa, pakuti umu ndi mmene akatswiri a mitsinje amaonera dera la mtsinje wa Amazon ku South America, kumene madzi a m'mayiko angapo amakathera mumtsinje umodzi. Koma ife ophunzira za miyala timatanthauza chinthu china. Kwa ife chidikha ndi malo amene thanthwe lapansi lakhala likutitimira pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni ambiri, kwinaku mchenga, matope ndi nsangalabwi zikudzaza dzenjelo, kusanjikizana, kenaka n'kulimba kusanduka miyala.

Thanthwe limatitimira pa zifukwa zosiyana. Pena dziko limakokeka mbali ziwiri n'kung'aluka, chapakati n'kugwera pansi. Nyanja ya Baikal ku Russia ili pamng'alu wotere, ndipo ngakhale kuti ndi yakuya mamita 1,642, pansi pake pali matope ena ochindikala makilomita angapo. Pena ndi kulemera kwa mapiri. Mapiri a Himalaya amapsinja thanthwe la India mpaka kulipinda, ndipo chigwa cha mtsinje wa Ganges ndicho dzenje limenelo, lodzazidwa ndi zidutswa zokokoloka kumapiri omwewo.

Chimene ndimafunitsitsa kuti anthu amvetse n'chakuti chidikha chakale sichikhala chotsika mpaka kalekale. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo woyenda kumeneko amaona zitunda, osati chigwa. Komatu miyala ya Witwatersrand imene ili pansi pa mzindawo inayamba ngati mchenga ndi nsangalabwi zimene mitsinje inkatsanulira m'chidikha zaka pafupifupi 3 biliyoni zapitazo, ndipo golide amene anapezeka kumeneko mu 1886 ali m'nsangalabwi zomwezo. Pambuyo pake dera lonselo linatukuka, pamwamba n'kuperepeseka, koma miyala ya m'chidikha ija, yooneka ngati mbale, inatsala m'nthaka.

N'chifukwa chake mapu ogawa dziko m'mapiri, zigwa ndi madambo sagwirizana nthawi zonse ndi mapu a miyala, ndipo ndimaona kuti n'kulakwitsa kwakukulu kuphunzitsa ana mapu oyambawo okha. Madzi apansi, malasha, mafuta ndi gasi zimatsata mapu achiwiriwo. Ku Australia, chidikha chotchedwa Great Artesian Basin chinayala pansi pa dera lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 1.7 miliyoni, ndipo mbali yaikulu ya derali ndi youma kwambiri. Mvula imene imagwa kumapiri a kum'mawa imalowa m'miyala yamchenga, n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa miyala ina yosadutsa madzi, moti mjigo ukaboola mwala wapamwambawo, m'malo ambiri madzi amatumphuka okha popanda kupopa, ena mwa iwo atakhala m'nthaka zaka zoposa miliyoni imodzi.