Singano pa nyundo za piyano

Anthu akandipeza ndatsegula piyano amati ndikuichuna. Kuchuna n'kukunga nsambo kuti liwu lililonse likhale pamalo pake. Komatu piyano ikhoza kuchunidwa bwinobwino n'kumalirabe ngati chitini. Zikatero vuto silikhala nsambo, koma nyundo.

Piyano ili ndi makiyi 88, ndipo kiyi iliyonse ili ndi kanyundo kake: kamtengo kokutidwa ndi ubweya wa nkhosa wopanikizidwa zolimba. Kakamenya nsambo kwa zaka, ubweyawo umauma kunsonga n'kuchita timizere, mawu n'kuyamba kuboola m'khutu. Ndimayamba ndi sandipepa, kupala mpaka nsonga ibwerere m'maonekedwe ake a dzira. Kenako ndimaona ngati nyundo ikumenya nsambo zake zitatu nthawi imodzi (ku mawu a besi zimakhala ziwiri kapena imodzi). Singano imabwera pomalizira.

Apa m'pamene ntchito imafuna mtima wodekha. Timabaya m'mbali mwa nyundo kuti ubweya umasuke, liwu likhale lonona koma mphamvu isathe. Ukabaya mozama pansonga penipeni wapha liwu, ndipo kuliukitsa n'kovuta. Amene amathamangira singano atangomva kiyi imodzi ikulalata, ine sindimupatsa piyano ya konsati.

Njira si imodzi. Fakitale ya mapiyano ya Steinway ku New York inazolowera nyundo zofewa, zomwe amazilimbitsa podonthezera mankhwala a lacquer. Fakitale yawo ya ku Hamburg, ku Germany, imayamba ndi nyundo zolimba n'kumazifewetsa ndi singano. Oimba nawonso amasiyana. Katswiri woimba piyano Vladimir Horowitz ankakonda mawu akuthwa kwambiri, moti popita kukaimba ku Moscow mu 1986 anatenga piyano yakeyake pamodzi ndi mmisiri wake, Franz Mohr. Oimba ena mawu otere sangawapirire.

Holo nayo imalamula. Ikakhala yopanda anthu piyano imamveka yakuthwa, koma anthu akadzaza, matupi ndi zovala zawo zimameza mawu apamwamba. Ukafewetsa kwambiri masana, madzulo a kumbuyo samva kanthu. N'chifukwa chake woimba akamayeserera ndimakakhala pampando wakumbuyo. Akadzuka ndimayenda kiyi ndi kiyi, modekha kenako mwamphamvu, ndipondenso pedulo ya kumanzere, poti imasuntha nyundo kuti zimenye ndi ubweya wina. Kiyi yotuluka pa zinzake ndimailemba ndi choko. Kawirikawiri zimakhala zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse imangofuna kubayidwa kawiri kapena katatu.