Ayi, chizindikiro cha asilikali sanachitaye

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp eti: chithunzi cha logo yachilendo, pansi alemba kuti asilikali ataya chizindikiro chawo chakale mwakachetechete, anthu nkuyamba kulusa. Bodza ilo. Chikafika chaka chokumbukira amapanga logo yapadera yoika pa zikwangwani, matisheti ndi makapu, mwambo ukatha imapita, koma chizindikiro chenicheni chimakhalabe. Asilikali apamtunda a ku America anachita zomwezi pokwanitsa zaka 250 pa 14 June 2025.

Musanatumize onani kaye, ngati pa logoyo pali nambala ya zaka ndiye kuti ndi ya mwambo basi. Kenako tsegulani tsamba lenileni la asilikaliwo la pa intaneti, osati sikirinishoti yosadziwika kochokera. Zosintha zenizeni sizibisika, mbendera yathu itasintha mu 2010 nkubwereranso mu 2012 dziko lonse linamva. Chonde lekani kufowada zimenezi.