Buonarroti: dzina lotchuka koma losowa olitenga

Ku Italy mutha kuyenda mtunda wautali osakumana ndi munthu wa dzina la Buonarroti, chonsecho ili ndi dzina la banja la Michelangelo, mmisiri wosema ndi kujambula uja amene anabadwira ku Caprese mu 1475. A Rossi okha ndiye ali paliponse. Ife ofufuza mizere ya makolo timafunsidwa kawirikawiri chomwe chimachititsa kusiyana kotere.

Yankho lili pa chiyambi cha dzinalo. Rossi linayamba ngati dzina loserewula la munthu wa tsitsi lofiira, ndipo anthu otero analipo m'midzi yambirimbiri, osadziwana, opanda chibale. Dzinalo linamera malo ambiri nthawi imodzi. Buonarroti sichoncho. Linachokera ku dzina loyamba la munthu, Buonarrota, limene makolo a ku Tuscany ankapatsa mwana posonyeza kuti banja lapindula. Banja la Michelangelo ku Florence linkadziwika kuti Simoni, koma poti dzina la Buonarrota linkabwerezedwa mibadwo ingapo, anthu anayamba kuwatchula nalo. Chilembo cha i chakumapetocho, chofala pakati ndi kumpoto kwa Italy, chimangonena kuti "a kwa uje". Kumwera amakonda o, n'chifukwa chake Rossi kumeneko ndi Russo.

Dzina lomera khomo limodzi limadalira ana aamuna, ndipo Michelangelo ankazidziwa bwino zimenezi. Kwawo anabadwa amuna asanu. Iye sanakwatire, ndipo mwa abale akewo ndi Buonarroto yekha amene anasiya ana asanamwalire ndi mliri mu 1528. Mtolo wonse unagwera mwana wa Buonarroto, Lionardo. Makalata amene Michelangelo ankamulembera kuchokera ku Rome ndi odzaza ndi nkhani ya ukwati: afune mkazi wa khalidwe ndi wa thanzi, asayang'ane chuma, asachedwe. Lionardo anakwatira Cassandra Ridolfi mu 1553, ndipo chaka chotsatira kunabadwa mwana wamwamuna, nayenso n'kutchedwa Buonarroto. Mlongo wake wa Lionardo, Francesca, anabereka ana nayenso, koma iwo anatenga dzina la bambo awo, Guicciardini.

Michelangelo ankakhulupiriranso kuti banja lake linachokera kwa mafumu a ku Canossa. Umboni wake palibe, ndipo ine ndimaona kuti kunali kudzitonthoza kwa banja lomwe chuma chinali chitalithawa.

Mzerewo unapirira zaka zina mazana atatu. Unatulutsa Michelangelo wamng'ono, mlembi amene anakongoletsa nyumba ya banjali pa msewu wa Via Ghibellina, kenako Filippo Buonarroti, woukira boma yemwe anali m'chiwembu cha Babeuf chofuna kugwetsa boma la France mu 1796. Mwana wa Filippo, Cosimo, anamwalira mu 1858 wopanda mwana, ndipo nthambi ya banja imene inkasunga nyumbayo inathera pomwepo. Nyumba ija, Casa Buonarroti, inasanduka yosungiramo zinthu zakale.

Choncho mukapeza Buonarroti kapena Bonarrota m'kaundula wa ubatizo, musafulumire kumulumikiza ndi mmisiriyo. Makaundula a m'maparishi anakhazikika pambuyo pa msonkhano waukulu wa mpingo wa Katolika wa ku Trent, umene unatha mu 1563, ndipo ansembe ankalemba mayina mmene awamvera.

Lamulo loti mwana azingotenga dzina la bambo linakhalapo mpaka mu 2022, pamene khoti loona za malamulo aakulu a dziko la Italy linagamula kuti mwana atenge mayina a makolo onse awiri, pokhapokha iwo atagwirizana kusankha limodzi.