Kuvala jezi ya timu ya koleji ku America sikutanthauza kuti fizi yalipidwa

Mwezi wathawu mayi ena anandiimbira pa WhatsApp usiku ndithu, mawu akuchita kunjenjemera ndi chimwemwe, akuti achimwene Mulungu wayankha, mwana wanga uja amutenga mu timu ya basketball pa yunivesite ina ku America konko. Ndinati zikomo kwambiri mayi, tanditumizireni kalatayo ndiione. Itafika ndinaiwerenga kawiri, ndipo pakati pa ndime yachiwiri panali timawu tiwiri tomwe ndimatiopa ndikationa pa kalata ya mwana wochokera kwathu: preferred walk-on. Za ndalama panalibe olo mzere umodzi. Ndinakhala kaye duu foni ili m'manja, chifukwa mayiwa anali atauza kale abale onse mpaka a kumpingo.

Ine ntchito yanga ndi ya mu ofesi yoona za fizi ndi thandizo la ophunzira pa koleji ina kuno ku America, ndipo ana osewera mpira amadutsa pa tebulo langa chaka ndi chaka, nde nkhani iyi ndimaiona ndi maso osati kungomva.

Walk-on ndi wosewera yemwe ali mu timu koma sukulu siikumulipirira kalikonse chifukwa cha mpirawo. Jezi amavala, dzina lake lili pa mndandanda, tireningi amapanga yofanana ndi anzake, kochi akamakalipa naye amakalipiridwa, koma bilu ya fizi ikatuluka imapita kwa makolo ake ngati mwana wina aliyense wa pa sukulupo. Alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi uja amabwera yekha, walembetsa sukulu ngati aliyense kenako wamva kuti timu ikuyesa anthu kumayambiriro kwa chaka, wapita ndi nsapato zake, mwa anyamata ambirimbiri mwina atengapo mmodzi mwinanso osatenga olo mmodzi. Wachiwiri ndi preferred walk-on uja, ameneyu kochi wamuona kale ndipo wamulonjeza malo mu timu osadutsa mu mayeso aja. Mawu oti preferred amakoma m'khutu eti, amamveka ngati munthu wasankhidwa mwapadera, ndipo zoona wasankhidwa, kungoti chomwe wapatsidwa ndi mpando wa pa benchi basi osati ndalama.

Bwanji kochi osangomupatsa sikolashipu ngati akumufunadi? Apa mpomwe pamabwera NCAA, bungwe lomwe limayendetsa masewera a m'makoleji ambiri kuno. Kwa zaka zambiri lamulo lake linali loti mu Division I, yomwe ndi ligi yapamwamba ija mumaiona pa March Madness, mpikisano wa chikho cha makoleji uja, timu ya anyamata isapitirire masikolashipu 13 ndipo ya atsikana 15, ndipo sikolashipu imodzi sumatha kuigawira anthu awiri, aliyense wolandira amawerengedwa ngati mutu umodzi. Koma anthu 13 sakwanira pa tireningi, wina wavulala bondo, wina akudwala, wina ali ndi mayeso, pomwe kochi akufuna anthu 10 mu bwalo tsiku lililonse, nde amawonjezera ana awiri atatu aulere. Ntchito yawo yeniyeni ndi ya scout team, kutanthauza kuti sabata ino ngati tikukumana ndi timu yakutiyakuti, iwowo amaphunzira kaseweredwe ka adaniwo nkumawatsanzira pa tireningi kuti osewera enieni azolowere. Amagundidwa, amagwetsedwa ndi zimphona za mamita awiri, kenako tsiku la gemu amakhala kumapeto kwa benchi nkumakupiza thaulo. Timu ikatsogola ndi mapointi 30 kwatsala mphindi imodzi, ophunzira anzawo amayamba kukuwa dzina lake kuti kochi amulowetse, akaponya nkulowa holo yonse imachita kugwedezeka. Zimasangalatsa kuonera, koma amene akulipira mphindi imodzi imeneyo ndi bambo ake.

Mu Division II malire akhala ali masikolashipu 10 pa timu, ndipo kumeneko amaloledwa kuwaduladula, wina theka wina kota, nde mwana akhoza kunena zoona kuti ndili pa sikolashipu pomwe gawo lalikulu la fizi likumudikirabe. Ku Division III sikolashipu ya mpira kulibiretu. Ngakhale ma Ivy League, a Harvard, a Yale, a Princeton, amasewera mu Division I koma sapereka sikolashipu ya masewera, amangothandiza potengera kusowa kwa banja.

Tsopano tiyeni ku ndalama, chifukwa anthu ambiri akamva fizi amaganiza za ndalama ya kalasi yokha. Sukulu iliyonse kuno imatulutsa chiwerengero chomwe timachitcha cost of attendance, ndipo mmenemo muli ndalama ya maphunziro, chipinda chogona, chakudya, mabuku, thiransipoti ndi tina ndi tina ta munthu. Pa mayunivesite a boma pali mitengo iwiri, wa mwana wa mu state momwemo yemwe makolo ake amakhoma msonkho kumeneko, ndi wa mlendo, womwe nthawi zambiri umakhala kawiri kapena katatu. Mwana wochokera ku Lilongwe, Chipata kapena Harare ndi mlendo, palibe kukambirana. Pa mayunivesite ambiri akuluakulu a boma mlendo akaphatikiza zonse amapeza madola 40,000 kapena kuposa pa chaka, ndipo pa masukulu a pulayiveti otchuka ngati Duke zimadutsa madola 80,000. Tangotengani 40,000 yomweyo muchulukitse ndi K1,750, reti ya ku banki ya mu 2025 osati ya kuseri ija, mupeza K70 miliyoni pa chaka chimodzi, nde muchulukitsenso ndi zaka 4, ndipo apo sitinakambe zoti madolawo muwapeza kuti ndi mmene forex imavutira kwathu.

Wa sikolashipu yonse zonsezi zimamudutsa pamwamba. Kuyambira 2015 masukulu akuluakulu analoledwa kuwonjezera kandalama ka m'thumba kuti sikolashipu ifike pa cost of attendance yonse, ndipo mu 2021 Supreme Court itagamula mlandu wa Alston womwe osewera anasumira NCAA, majaji onse 9 mbali imodzi, zinatseguka zoti osewera azilandiranso mpaka madola 5,980 pa chaka okhudzana ndi maphunziro. Walk-on yekha chomwe ndinganene motsimikiza kuti anapindula nacho ndi chakudya. Mu 2014 Shabazz Napier, wosewera wa yunivesite ya Connecticut (UConn), chaka chomwe timu yake inatenga chikho, anauza atolankhani kuti masiku ena amagona ndi njala, nkhani inawanda, ndipo chaka chomwecho NCAA inalola kuti masukulu a Division I azidyetsa osewera mopanda malire, kuphatikizapo ma walk-on. Nde njala yokha mwina sadzagona nayo. Nsapato ndi zovala za timu amalandiranso, achipatala cha timu amamuona, aphunzitsi othandizira homuweki alipo, izi sindikuzichepetsa ayi.

Anthu amakonda kundiponyera mayina ndikamalankhula chonchi. Amati nanga Scottie Pippen? Zoona, Pippen anafika pa University of Central Arkansas opanda sikolashipu, amathandiza kusamala zipangizo za timu, kenako anatalika modabwitsa ali pa koleji pomwepo, mu 1987 anasankhidwa wachisanu pa draft ya NBA, pomwe matimu a ligi yaikulu ya basketball amasankha osewera atsopano, nkudzatenga zikho 6 ndi Chicago Bulls. Jeff Hornacek, yemwe anadzasewera mu NBA, naye anayamba ngati walk-on pa Iowa State. Ron Baker anadzilipirira chaka choyamba pa Wichita State, pofika 2013 anali akusewera mu Final Four, ndime ya matimu anayi otsiriza pa March Madness, ndipo anadzafika ku New York Knicks. Koma taonani bwinobwino, Baker anali mwana wa ku Kansas pa sukulu ya boma ya ku Kansas, Pippen mwana wa ku Arkansas pa sukulu ya ku Arkansas, onsewa amalipira mtengo wa pakhomo ndipo zikanakanika akanangokwera galimoto kubwerera kwa amayi awo. Ina yoseketsa ndi ya Doug McDermott, yemwe mu 2014 anali wosewera wabwino koposa m'makoleji onse a ku America ali walk-on, chifukwa anasiyira mnzake Grant Gibbs sikolashipu yake pa Creighton masikolashipu 13 aja atadzadza. Kungoti kochi wa timuyo anali bambo ake omubereka, a Greg McDermott, nde fizi sinali nkhani yogonetsa munthu m'maso.

Ndipo khomo lenilenilo likuchepa. Pa 6 June 2025 jaji Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, wina womwe osewera anasumira NCAA pa nkhani ya malipiro, ndipo unasintha zinthu kwambiri. Osewera akale alipidwa pafupifupi madola 2.8 biliyoni pa zaka 10, ndipo masukulu omwe alowa mu dongosololi akhoza kugawana ndalama ndi osewera awo mwachindunji, mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa sukulu m'chaka choyamba. Malire a masikolashipu aja anachotsedwa pa masukulu amenewa, m'malo mwake anaika malire a anthu mu timu, basketball 15 basi, ndipo sukulu ikafuna ikhoza kulipirira onse 15 kapena kugawa zidutswa. Kumbali ina nzabwino chifukwa malo awiri omwe kale anali opanda sikolashipu pano akhoza kukhala ndi ndalama, koma timu zomwe zimasunga anthu 16 kapena 17 zilibenso pomuika mwana wongobwera ndi nsapato zake uja. Jajiyo anachita kuchedwetsa chigamulo chifukwa cha nkhani yomweyi, mpaka anagwirizana zoti omwe anali kale m'matimu asawerengedwe pa malirewo, koma obwera mtsogolo chitetezo chimenecho sichiwakhudza. Maganizo anga, pa masukulu olemera walk-on weniweni atsala wa dzina lokha, chifukwa kochi yemwe ali ndi bajeti sangaononge mpando pa munthu woti sadzamulowetsa pomwe mu transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusintha sukulu, muli osewera okhwima kale akufuna malo.

Kwa mwana wochokera kunja pali minga ina yomwe mwana wa kuno saiponda. Kuti sukulu ikupatse fomu ya I-20, yomwe umapita nayo ku embasi kukapempha viza ya ophunzira ya F-1, uyenera kuonetsa kuti ndalama ya chaka choyamba chonse ilipo, ndipo kalata ya kochi yonena kuti timakufuna siiwerengedwa ngati ndalama. Thandizo la boma la America monga Pell Grant si la alendo. Ganyu amaloledwa ya pa kampasi yokha, maola 20 pa sabata sukulu ikakhala mkati, koma mpira wokha lamulo limaulola kudya maola 20 pa sabata nthawi ya ligi, osawerengera maulendo, kumangidwa mabandeji ndi zina zomwe amati nzodzifunira koma aliyense amadziwa kuti ukajomba waonekera ng'amba, nde ganyuyo aigwira nthawi yanji? Za NIL zija, zoti kuyambira July 2021 wosewera akhoza kupanga ndalama ndi dzina lake potsatsa malonda, kwa wa F-1 nzovuta chifukwa viza yake siilola ntchito za kunja kwa kampasi mwachisawawa. Ndipo walk-on naye ayenera kudutsa ku NCAA Eligibility Center kuti aone ngati maphunziro ake a sekondale akukwanira, sikuti poti sakulipidwa ndiye malamulo amupatula.

Makochi ambiri amanena kuti bwera chaka choyamba udzilipirire, ukachita bwino tidzakuganizira. Ena amakwaniritsadi, mwina munaonapo timavidiyo tija kochi akulengeza pamaso pa timu kuti uje wapatsidwa sikolashipu anzake nkumugwera ndi chisangalalo, ineyo timandigwetsa misozi nthawi zonse. Koma nthawi zambiri imakhala ya chaka chimodzi kapena semesita imodzi, yomwe yatsala chifukwa wina wachoka mwadzidzidzi, ndipo kochi amene analonjezayo akhoza kuchotsedwa ntchito mu March, wobwerayo sakukudziwa ndipo lonjezo la pakamwa silimumanga. Chomwe chimagwira ntchito ndi pepala la thandizo la ndalama losainidwa, lochokera ku sukulu, lonena kuti ndi madola angati, a chaka chiti, ndipo akulipira chani ndi chani.

Mayi aja ndinawaimbira m'mawa mwake. Ndinawauza kuti mwana wawo mpira amautha, kochi sangalembere kalata munthu wamba, koma afunse mafunso atatu: pa timupo malo alipo angati, pa pepala alembapo ndalama zingati, ndipo ofesi ya fizi ingamupatse chani chifukwa cha magiredi ake, poti mwanayo anakhoza bwino ndipo thandizo la maphunziro silitha olo bondo litathyoka. Ndinawatchuliranso ma junior college a zaka ziwiri omwe ali pansi pa NJCAA, komwe fizi ndi yotsikirapo, ena amapereka sikolashipu, ndipo mwana amasewera zenizeni makochi a Division I nkumamuona, komanso masukulu a NAIA, bungwe lina la masewera a m'makoleji ang'onoang'ono, komwe Pippen uja anasewera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati nde achimwene kumpingo ndikanene chani Lamulungu likubwerali? Ndinati mukanene kuti zokambirana zili mkati. Yankho la kochi linabwera patatha masiku 4, mizere itatu yokha, ndipo pa funso la ndalama analemba kuti chaka chino palibe.